Batani Losayankha Odi

Madzi atasiya kutuluka pampopi ku Chazanga, Felistus anatsegula pulogalamu ya pafoni yoitanitsira madzi a pawilibala, imene anapanga mlamu wake Kalaba. Matewera a mwana anali atadzaza beseni, louma litatsala limodzi lokha.

Anadina batani loti "Bweretsani". Linawala pang'ono n'kuzimanso. Kodi lamva? Anadinanso, n'kudinanso, ngati munthu wogogoda pakhomo posayankhidwa.

Posakhalitsa mawilibala anayamba kulowa pageti motsatizana, zigubu zili tho.

Felistus anaimbira Kalaba, mwana ali kumsana. "Ba Kalaba, bwerani muone vimene mwachita."

Kalaba atafika anaseka mpaka kugwira mpanda. "Mulamu, munadina kangati?"

"Ningadziwe bwanji? Munthu akati odi, bamamuyankha. Batani yanu inangokhala zii."

Kalaba anakhala pachigubu n'kutsegula laputopu. Atamaliza kukonza batanilo anati, "Dinani manje."

Felistus atadina, batani linasanduka lobiriwira n'kukhala choncho. Analiyang'anitsitsa, chala chili m'mwamba, kudikira kuti lizime. Silinazime.

"Mwadziwa kuti mwaitananso wilibala inangu?" anafunsa Kalaba.

"Ibwere chabe. Lero nichapa na mabulangeti."