Mwana Amene Ankamutcha Madala

Kuntchito ankangomuitana kuti Dokotala, ngakhale sanagwirepo wodwala ndi mmodzi yemwe. Ntchito yake inali yofufuza chimene chimakalambitsa maselo a m'thupi, chimene chimachititsa kuti khungu lichite makwinya, mitsempha iume, mtima utope. Anali atakhazikika kale pantchitoyi pamene anabereka mwana wake yekhayo, wamwamuna.

Mwanayo asanayambe n'komwe sukulu, tsitsi linayamba kusosoka. Khungu linapyapyala, mawondo n'kuuma ngati a nkhalamba. A kuchipatala ankazengereza kunena, koma mayiyo anali atadziwa kale. Anali matenda aja osowa, okalambitsa mwana asanakule.

Ana a mumsewu mwawo anamutcha Madala, ndipo mwiniwake analikonda dzinalo.

"Amayi, muzindipatsako ulemu," ankatero. "Wamkulu pakhomo pano ndine."

Dokotala anasiya kafukufuku wina yense. Anatenga kachidutswa ka khungu pamkono pa mwanayo n'kumalera maselo ake m'timbale tagalasi. Ankachoka mwanayo asanadzuke, n'kubwerako chakudya chitazizira. Tsiku lina mwamuna wake anamuimitsa pakhomo.

"Mayi a mwana, mwanatu ali kuno. Sali m'timbale tanuto ayi."

"Ndikakhala pano ndimuchiza ndi chiyani? Ndi maso?"

Bamboyo anangopukusa mutu n'kumupatsa njira.

Patapita zaka, mankhwala ena anagwira ntchito. Maselo amene anali okwinyika anawongoka. Mbewa zodwala zimene ankayeserapo mankhwalawo zinayamba kukwera mawaya a khola ngati zopenga. Koma kuti mankhwalawo afike pa munthu, panafunika kuwayesa kaye mobwerezabwereza, kenako chilolezo. Dokotala anatengera Madala kulabotale, n'kumukweza pampando wautali kuti asuzumire mu maikulosikopu, makina okuza tinthu ting'onoting'ono, aone maselo ake aja.

"Amenewa ndi ineyo?"

"Ndiwe, mwanangu."

"Ndiye kunoko ndili bwinotu!" Anaseka mpaka kutsokomola. Atafika pa mbewa zija anaziyang'anitsitsa, kuseka kutatha. "Koma izi zandidumpha pamzere. Sizilemekeza akuluakulu."

Mtima wa Madala unaima m'mawa wina, bambo ake atagwada akumumanga zingwe za nsapato kuti azipita kusukulu. Dokotala anali pamsonkhano wopempha chilolezo chija, foni atazimitsa. Anakamupeza atafunditsidwa kale nsalu, nsapato imodzi ili yosamanga.

Maliro atatha, anakhala miyezi osaponda kulabotale. Ankangokhala m'chipinda cha mwanayo, manja ali pamiyendo. Anamudzutsa ndi mwamuna wake yemweyo.

"Pitani, mayi. Zija ndinanena zija unali ululu chabe. Kunjaku kuli ana a anzathu."

Chilolezo chinadzatuluka. Woyamba kulandira mankhwalawo anali kamtsikana kovala chipewa chachikulu chobisa dazi. Namwino akukonza jekeseni, mayi ake anagwira Dokotala dzanja.

"Mulungu akudalitseni. Inuyo muli nawo ana?"

"Ndinali naye mmodzi."

Dokotala anadikira mpaka kamtsikanako kataikidwa thonje pamkono, kenako analowa m'chipinda chosambira m'manja. Anatsegula mpopi mwamphamvu kuti asamveke, ndipo analira atatsamira khoma. Atatha anasukusula, n'kutuluka. Pabenchi panali mwana wina akudikira, miyendo ili lendelende yosafika pansi.