Kumene Anabadwira a Norah

Misozi Zulu anagwira ntchito zaka zambiri mu ofesi yolemba anthu ntchito kumigodi ya ku Kitwe. Migodi itayamba kugulitsidwa, iye anali m'gulu loyamba lochotsedwa. Anachita lendi kachipinda kuseri kwa sitolo ya nsalu m'tauni, n'kuyamba ntchito imene ena ankaiseka: kufufuza mbiri za mabanja. Ana ambiri obadwira m'komboni sankadziwa mudzi wa makolo awo, ngakhale chiwongo cha agogo awo. Misozi ankakwera basi ya ku Chipata, kukakhala ndi nkhalamba masiku angapo, n'kubwerako ndi mayina, midzi ndi maukwati zitalembedwa bwino.

Mu 1999 kunabwera a Stanislaus Mbewe, amene ankapemphera nawo tchalitchi chimodzi. Mkulu wawo, a Stephen, anali atamwalira, kusiya mkazi wawo, a Norah, m'nyumba ya kampani ku Nkana West.

"Ndifuna mbiri ya banja lathu," anatero a Stanislaus. "Ana a malemu akukula osadziwa kwawo. Mufufuze mbali zonse, yathu ndi ya alamu anga."

Mbali ya a Mbewe sinavute. Ya a Norah inamufikitsa Misozi ku Vubwi, pafupi ndi malire, kwa azakhali awo okalamba a kuchikazi. Iwo anafotokoza mosangalala kuti bambo a Norah anali munthu wa ku Mchinji, ndipo a Norah anabadwira komweko, tsidya la Malawi. Ukwati utatha, mayi wake anabwerera naye kumudzi asanayambe n'kukwawa komwe.

Misozi analemba monga anamvera. A Stanislaus atalandira mapepalawo sanayang'ane n'komwe za makolo awo. Anathamangira masamba omalizira, n'kuwapinda, n'kutuluka.

Nthawi imeneyo nyumba za kampani zinkagulitsidwa kwa okhalamo, koma nzika za dziko lino zokhazokha. Patapita milungu ingapo, a Norah analowa mu ofesi ya Misozi osaodira.

"Ndinu munapita kwa azakhali anga?"

"Ndine, amayi. Khalani pansi."

"Sindinabwere kudzakhala pansi. Akomiti ya nyumba andiitana dzulo. Akuti ndine mlendo. Ine, amene ndinabatizidwa ku Vubwi, ndaika mwamuna ndi ana awiri m'dothi la Kitwe muno, lero ndine mlendo chifukwa cha pepala lanu."

"Alamu anu anati ndi la ana."

"Ana ake a ndani? Ana ali m'nyumba mwanga. Munabwera kudzandifunsa ine? Timakhala benchi limodzi Lamulungu lililonse, koma munakwera basi usiku ndi usana kukafukula mchombo wanga osandiuza."

"Sindinalembe bodza."

"Bodza likanakhala bwino," anatero a Norah. "Mwandigulitsa, Ba Misozi. Mudye bwino."

Madzulo ake Misozi anapita ku Chamboli kwa a Stanislaus. Anawapeza akutsuka njinga pakhomo, ndipo sanamupatse mpando.

"Munandinamiza," anatero Misozi.

"Ndinakulipirani. Mbiri ndi yanga, ndichita nayo zimene ndifuna."

"Mukuthamangitsa ana a mkulu wanu."

"Ana adzakhala ndi ine. Nyumba ija anaivutikira ndi Stephen pansi pa mgodi mpaka chifuwa chinamutha. Mkazi uja akaigula, mawa alowetsamo mwamuna wina, ife a Mbewe tizidutsa kunja kwa mpanda. Chokani pakhomo panga, mungandiphunzitse za banja inu wopanda banja."

Misozi anapita yekha kukomiti. Anafotokoza kuti mayi owabala a Norah anali a m'dziko muno, kuti mwanayo anabwera ali kumsana, ndipo reji yake, chitupa cha unzika, anaitenga monga wina aliyense. Wapampando anamumvetsera akusewera ndi makiyi a galimoto.

"Ndiye pepala loyamba lija linali labodza?"

"Ayi."

"Basi, nkhaniyi ili ndi mkangano. Tiiona."

Anaiona miyezi yambiri. A Stanislaus anauzidwa kuti alibe gawo, popeza sanakhalepo m'nyumbamo. A Norah anauzidwa kuti adikire yankho la ku Lusaka, ndipo lisanabwere, nyumba inapatsidwa kwa munthu wina wa maofesi apamwamba. Katundu wa a Norah ananyamulidwa pa lole ya makala kupita ku Nkwazi, ku Ndola, kumene mwana wawo wamkazi ankachita lendi zipinda ziwiri. Ana aang'ono anakana kupita kwa a Stanislaus.

Kutchalitchi azimayi anasiya kumupatsa moni Misozi. Ena ankati ndi kazitape, amatumidwa kusaka a ku Malawi. Amene anali atamupatsa kale ntchito anabwera kudzatenga zithunzi za makolo awo, ndipo kwa miyezi itatu pakhomo pake sipanagogode munthu. A Stanislaus nawonso ankauza anthu kuti Misozi ndiye anawawonongera mlandu.

Ofesi sanaitseke. Anayamba kukana kufufuza za munthu wamoyo amene sanabwere yekha kudzavomera, ndipo ena ankachoka atakwiya. Chaka chotsatira anakwera basi ya ku Ndola kukapepesa. Anapeza a Norah akugulitsa tomato ndi kapenta pamsewu wa ku Nkwazi. A Norah anamuyang'ana, n'kuphimba kapentayo ndi chitenje.

"Zatha," anatero. "Kagulani kwina."