Chabwino Chake Chiti?

Kusukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto aliyense ankawatchula kuti a Chabwino, ndipo dzinalo silinawagwere mwangozi. Ukawapatsa moni, chabwino. Ukawauza kuti tayala laphwa, chabwino. Aphunzitsi anzawo ankanena kuti tsiku limene nyumba yawo idzapse, adzauyang'ana motowo nkunena kuti chabwino. Sanali munthu wouma mtima ayi, kungoti mawu ankawaumira ngati mchere wopempha.

Tsiku lina m'mawa anafika kuntchito mtima uli m'malere. Mwana wawo wamkazi, mzime, anali atapeza ntchito ya unamwino kutali, ndipo ankanyamuka mawa lake. Tsiku limene anawauza nkhaniyo, iwo ali pakhomo kuvula nsapato, anangoti, "Chabwino," nkulowa kubafa. Chiyambire pamenepo mwanayo ankawapatsa madzi osawayang'ana kumaso. A Chabwino ankaona kuti zinthu sizili bwino, koma pamene panalakwika sankapaona. Nanga si anavomera?

Wophunzira woyamba tsikulo anali mayi wina wamagalasi, womasulira kukhoti, amene aphunzitsi ena ankamuzemba chifukwa funso lake lililonse linkabala linzake. Phunziro linali lobwerera m'mbuyo pakati pa migolo iwiri pabwalo lafumbi la kuseri kwa ofesi.

Mayiyo analowetsa giya, maso ali pa kalilole womata ndi selotepi, galimoto nkuyamba kubwerera pang'onopang'ono. Ataona kuti yafika pafupi ndi mgolo, a Chabwino anati, "Chabwino." Mayiyo anaponda mafuta. Khu! Mgolo unagubuduzika mpaka kumpanda. A Chabwino anaponda buleki ya mbali yawo, koma mochedwa.

"Mayi, ndinati chabwino!"

"Eya, ndinamva. Nchifukwa chake ndinapitiriza."

"Ndimatanthauza kuti basi, imani."

Mayiyo anazimitsa injini, navula magalasi, nawayang'ana mmene amayang'anira mboni yozungulira nkhani.

"Aphunzitsi, ponyamuka paja munati chabwino, kutanthauza kuti ndiyambe. Pakona paja chabwino, kutanthauza kuti ndakhota bwino. Dzana galimoto itandizimira pakati pa msewu munatinso chabwino, koma mutaluma mano. Ndiye chabwino chake chiti? Ine ntchito yanga ndi mawu a anthu. Mukanakhala mboni, woweruza nkundifunsa kuti bambowa akuti chiyani, ndikanangokweza manja. Chabwino chanucho chikhoza kumangitsa munthu, chomwecho nkumasulanso wina."

"Koma anthu amamva," anatero a Chabwino, manyazi atawagwira.

"Samva, amangolota. Mtima wa mnzako ndi tsidya lina, aphunzitsi. Nenani chinthucho mpaka chithe. Kuyambira pano sindisuntha galimotoyi ndisanamve mawu athunthu."

Ndipo sanasunthedi. A Chabwino anatuluka thukuta ngati akukankha galimotoyo ndi manja. "Bwererani pang'ono." "Pindani chiwongolero kumanzere." "Imani, mwafika." Lilime linkawalemera, koma chodabwitsa nchakuti galimoto imene inkavuta masabata onsewa inalowa pakati pa migolo ngati pakwawo.

"Cha..." anayamba motero, mayiyo nkuwaponyera diso. A Chabwino anayambiranso. "Mwaimika bwino, mayi. Simunakhudze kanthu."

"Mwaona? Mwalankhula, ndipo simunafe."

A Chabwino anaseka, koma kusekako kunathera panjira. Anakumbukira pakhomo paja, nsapato ili m'manja, mwana ataima potero kudikira.

"Mayi, ndifunseko. Mwana atakuuzani kuti wapeza ntchito kutali, bambo ake nkungoti chabwino, inu mungamasulire bwanji?"

"Ndingamasulire kuti, pita, tipumeko."

"Aa! Koma si zimenezo!"

"Musandiuze ine. Mlandu umenewo si wa khoti langa."

Ataweruka sanaime pocheza ndi anzawo monga mwa masiku onse. Anakapeza akazi awo akusita pakhonde, ndipo mzime anali kuchipinda, atagwada pa sutikesi imene inkakana kutsekeka. Pakhoma panatsala misomali yokha pamene panali zithunzi zake. A Chabwino anaima pachitseko, chipewa chili m'manja ngati mlendo.

"Mwanawe."

"Ababa." Sanadzutse mutu.

"Tsiku lija ndinati chabwino. Mawu aja anali ndi zambiri mkati, ndiye ndikufuna ndizitulutse." Anatsokomola, ngakhale chifuwa analibe. "Ndanyadira. Kuntchito ndauza aliyense, mpaka amakaniko atopa nane. Komanso ndikuopa, chifukwa nkutali, ndipo ukadwala sindingabwere ndi galimoto msangamsanga. Ndipo nyumba ino ikhala zii. Kubafa kuja sindinapitire kusamba ayi. Ndinathawa kuti usaone misozi."

Mwanayo anasiya zipi ya sutikesi. Anawayang'ana kumaso, koyamba m'masiku onse aja.

"Ine ndimayesa mwati ndizipita, ndakutopetsani," anatero. "Ndinatsala pang'ono kunyamuka osakutsanzikani."

"Ukanandipha."

Mwanayo anadzuka nkuwagwira dzanja ndi manja ake onse awiri, akulira uku akuseka. Akazi awo anali atafika kale kumbuyo kwawo, simbi idakali m'manja.

"Abambo, zaka zonsezi mawu amenewa munkawasunga kubanki iti?"

"Inunso anu alipo, amayi. Dikirani, lilime lizolowere."

"Ndadikira kuyambira ndili mtsikana, sindingalephere lero."

Kenako a Chabwino anakhalira sutikesi ija ndi thupi lawo lonse, mwana nkukoka zipi mpaka inatsekeka. Mawa lake anamuperekeza kokwerera basi, ndipo anamuuza zambiri moti kondakitala anachita kuwadula.

Mgolo wopindika uja anauza alonda kuti asauwongole. Ankati akaudutsa mtima unkawadzaza ndi kuthokoza, poganiza kuti mayi uja akanaponda buleki, iwo akanataya mwana ali phee, osadziwa nkomwe chifukwa chake.

Womasulira uja atabweranso, anakhala pampando, namanga lamba, nagwira kiyi. A Chabwino anakweza dzanja.

"Musanalize, mayi. Ndili ndi mawu, ndipo ndiwanena mpaka athe. Zikomo. Ine ndimakuphunzitsani galimoto, inu mwandiphunzitsa pakamwa. Mwana wanga wapita akudziwa kuti bambo ake amamukonda, ndipo wandiimbira kale kuti wafika bwino. Zimenezi mwachita ndi inu."

Mayi uja, amene sankasowa choyankha ngakhale pamaso pa woweruza, anatsegula pakamwa nkutsekanso. Anavula magalasi, nawapukuta nthawi yaitali ngakhale anali oyera. Kenako, ndi mawu apansipansi, anati:

"Chabwino."

A Chabwino sanafunse kuti chake chiti. Chimenecho anachimva.