Ndalama ya Asilikali Awiri

"Chikwama ndi ichi, koma ndalama ija mulibe," anatero a Geoffrey, akuchikutumulira pamkeka.

Linali tsiku lometa maliro a a Dominiko, ndipo abale anasonkhana pakhonde ku Njuli kugawa katundu. Njinga, wailesi ndi jekete zinali zitapeza kale eni ake. Koma a Geoffrey, mng'ono wa malemu, sanachokere ku Limbe kudzatola jekete. Ankafuna kandalama kamkuwa kamene bambo awo anabwera nako kuchokera kunkhondo ya azungu: kakuda, kokumbudzuka m'mbali, uku mutu wa mfumu ya Aroma, uku asilikali awiri atagwira mikondo, mbendera ili pakati. Wansembe wina adanenapo kuti nkakale kuposa tchalitchi chilichonse m'dziko muno, ndipo chimvereni zimenezo a Geoffrey mtima sunakhalenso pansi.

"Alamu, ndalama ya kwathu ili kuti?"

"Sindikudziwa, alamu," anayankha a Esnart, mkazi wa malemu, maso ali pansi.

"Munthu mumagona naye nyumba imodzi. Mukapanda kuitulutsa, ife sitikusudzulani, ndipo nkhaniyi ikathera kupolisi."

A Esnart zinawawawa kutchedwa wakuba misozi isanaume.

Rejoice, mwana wa malemu, anali ataima pakhomo la khitchini, khanda lili kumsana. Chitengereni mimba ali pasukulu, bambo ake sankamuyankhula, ndipo khandalo palibe anawaonapo atalinyamula. Rejoice anabwera, nagwada, natsitsa mwanayo, nkumuvundukula kamalaya. Pamimba panali kansalu ka khaki, ndipo pansi pake, pamchombo wotupa, panali asilikali awiri aja.

"Kani wakuba ndiwe?" anafunsa a Geoffrey.

"Ayi, bambo aang'ono. M'mawa umene bambo anga ankapita kuchipatala anandipeza ndikumusambitsa. Sanandipatse moni. Anangoyang'ana mchombowu, nang'amba malaya awo, nkumangapo ndalamayi okha. Potuluka ndi pamene anati, 'Asilikaliwa amulondere mdzukulu wanga.'"

A Esnart anabisa nkhope m'chitenje nayamba kulira. Malayawo anali atawapeza kale ong'ambika mudengu, nkuganiza kuti ndi makoswe.

A Geoffrey anatambasula dzanja mpaka linafika pakansalu paja. Mwanayo anawagwira chala. Kenaka a Geoffrey anakokera kamalaya kaja pansi.

"Mfunditse," anatero. "Kukuzizira."