Makina Amene Ankadziwa Mawu a Bambo

Kanema anaduka bokosi lisanatuluke n'komwe m'nyumba.

Mayi Eduviges anali atangoika chimbale cha malemu amuna awo pa galamafoni, kuti obwera pamaliro amveko mawu a mwini nyumba uku akumwa khofi. Gitala inalira, Cleofas Quiroz wa masiku a unyamata anatsegula pakamwa, ndipo Nicanor, amene ankaulutsa malirowo pa intaneti, anasuzumira kamera yake n'kutukwana chapansipansi.

"Atidula," anatero.

Nthawi yomweyo foni ya Evaristo, mwana wa malemuyo, inalira. Anali mlongo wake wamkulu, Herminia, ku Omaha, kutsidya la malire.

"Iwe, kuno kwada. Wina wapondanso chingwe?"

"Si chingwe, achemwali. Akuti ndi nyimbo ya bambo."

"Yatani nyimbo ya bambo?"

"Akuti ili ndi eni ake."

Kumbuyo kwa Herminia kunkamveka mipando ikukhwekhwerezedwa. Anali ataitana anthu a kwawo okhala mumzindawo kuti adzalire naye pabalaza, atazungulira wailesi ya kanema.

Theka la anthu a tauni ya kwawo, Santa Rita, limakhala kumpoto, ndipo ambiri anaoloka malire opanda mapepala. Munthu wotero akabwera kudzaika bambo ake, njira yobwerera kwa ana ake imatsekeka. Choncho amalira pagalasi. Herminia anali mmodzi wa iwo: ankadula nyama m'fakitale, ndipo nkhope ya bambo ake anaiona ikukalamba pafoni. Evaristo mapepala anali nawo. Akanatha kubwera chaka chilichonse, koma anakhala ku Montreal zaka zosawerengeka, akukonza zolakwika m'mabuku a anthu ena, mpaka anafika dzana ndi sutikesi yaing'ono ndi nsapato zosayenera fumbi.

Tauni imene anaisunga m'mutu sanaipeze. Nyumba ya mafilimu inali itasanduka sitolo ya mafoni. Pabwalo pamene gulu la bambo ake linkaimba Lamulungu lililonse panali nkhunda zokhazokha. Misewu inadzaza nyumba zosanja zomangidwa ndi thukuta la kumpoto, zokongola, zokhoma, zopanda ngakhale galu. Chisoni ankachidikira ngati basi, ataima pamalo oyenera, atavala zoyenera, koma sichinkabwera.

Anapeza Nicanor panja, pansi pa mtengo wa malalanje, akulimbana ndi zingwe. Anaphunzira limodzi ali ana. Tsopano Nicanor anali ndi mimba yaikulu ndi kamera, ndipo ukwati, ubatizo ndi maliro onse a Santa Rita ankafika kumpoto kudzera mwa iye.

"Wabwerera," anatero Nicanor. "Alongo ako akutiona. Koma atichenjeza. Ikalirakonso nyimbo ija, atidula mpaka sabata yamawa."

"Ndani akutichenjeza?"

"Palibe munthu, Pulofesa. Ukanakhala munthu bwenzi ndamutumizira nkhuku. Ndi makina. Ali ndi khutu loposa la apongozi anga."

"Koma woimbayo ndi uyo ali m'bokosiyo."

"Kawauze. Iwe sukulu unapita."

Nkhani yake Evaristo ankaidziwa. Cleofas ndi anzake anakwera basi ali anyamata n'kupita ku likulu, kumene anajambula chimbale chimodzi chokha pakampani ina yaing'ono. Anasaina pamene anawalozera. Kampaniyo inamezedwa ndi ina, inayo n'kumezedwa ndi ina, ndipo nyimbo ya Cleofas inatsala m'mimba mwa nsomba yomalizayo. Sinkagulitsidwa m'sitolo iliyonse, wailesi inaiiwala kalekale, koma mwini wake inali naye. Lamulo lothana ndi akuba nyimbo ndi mafilimu nalo ankalidziwa. Analiwerenga m'nyuzipepala m'mawa wina kukugwa chipale chofewa, n'kugwedeza mutu movomereza, poti naye ankadyera mabuku.

"Kale ndinali ndi tsamba langalanga pa intaneti," anatero Nicanor, akukulunga chingwe pachigongono. "Maukwati onse a tauni ino anali mmenemo. Litabwera lamulo, madandaulo anayamba: apa pakumveka nyimbo yathu, apo pakumveka nyimbo yathu. Ukwati wopanda nyimbo unauonapo kuti? Amene ankandisungira tsambalo anaopa khoti, anangolitseka lonse. Ukwati wanga womwe unapita. Mkazi wanga akuti ndiye kuti ndi mbeta."

"Ndiye unasamukira kumasamba a makampani akuluakuluwa."

"Kulibe kwina. Anzanga ayesa zonse: kuithamangitsa nyimbo, kuiika patali, wina mpaka anamangirira galu pafupi kuti aziuwa. Amaizindikirabe."

Evaristo analowa kukhitchini. Mayi ake anali akudula tsabola wothira m'chakudya cha obwera kumanda, mpeni uli kumanzere, osayang'ana zala. Anawafotokozera pang'onopang'ono, ngati mmene amafotokozera mlembi wa buku kuti chiganizo chake chokondedwa chiyenera kuchoka.

"Ndamva," anatero mayiwo. "Nyimbo ilira."

"Amayi, ikalira Herminia saona kalikonse."

"Bambo ako ananena ali pabedi apo. Anati ponditsitsa m'dzenje ndidziimbire ndekha, amayi a kutchalitchi asayerekeze, amaimba ngati mbuzi zomangidwa. Unalipo iwe?"

"Kunalibe ine."

"Ndiye nyimbo ilira."

Anathira tsabola mumphika n'kutenga wina.

Njira anaipeza ndi Nicanor. Kamera inali ndi batani lofiira lotseka mawu. Nyimbo ikamayamba, munthu angolidina: makina sadzamva kanthu, ndipo kumpoto adzaona zonse, kungoti mwakachetechete. Evaristo anaimbira Herminia.

"Ndiye ndione bambo akutsika ngati filimu yakalekale," anatero Herminia.

"Kapena tijambule zonse, ndi mawu omwe, ndikutumizireni mawa."

"Maliro adzulo sindikuwafuna. Amenewo ndi a anthu amene anali ndi zochita zina."

Evaristo anayesa njira ina.

"Kapena ndikuimbireni pafoni tili pamanda."

"Wakhalitsa kunja iwe. Kuphiri kuja foni imagwira? Ndi mlongoti wa Nicanor wokha umene umafika." Anapuma. "Tsekani mawuwo. Nyimbo ndimaidziwa, ndiziimbira mumtima. Ine ndikufuna ndione akulowa, ndione dothi. Ndikapanda kuona, ndizingoti ali pakhonde akusenda malalanje. Wamva, Evaristo? Ndione."

"Mudzaona."

Dzuwa litapendeka pang'ono ananyamuka. Atachoka kutchalitchi anakwera njira ya miyala yopita kumanda, bokosi lili pagalimoto yonyamulira chimanga, chifukwa mapewa olinyamula panalibe. Evaristo anayang'ana gulu lonse: amayi okalamba ovala zakuda, ana osiyidwa kwa agogo awo, nkhalamba zingapo za ndodo. Amuna a Santa Rita anali akufolera nyumba ku Texas ndi kutsuka mbale ku Chicago. Ena mwina ankaonera pafoni, atabisala kuseri kwa khomo la kuntchito.

Pamanda vuto linaonekera poyera. Zingwe zotsitsira bokosi zinali ndi nsonga zinayi, ndipo amuna amphamvu analipo atatu: okumba manda awiri ndi woyendetsa galimoto uja. Evaristo anavula jekete n'kuyandikira. Wokumba manda wamkulu anamugwira dzanja, analitembenuza, anayang'ana chikhatho ngati akugula nsomba.

"Awa ndi manja otsegulira buku, bwana. Mungatigwetsere a Cleofas chamutu."

Amayi ena anaseka m'mipango yawo. Nicanor anavula chipewa n'kumupatsa Evaristo kamera.

"Gwira apa. Usagwedeze. Loza dzenje, osati mitambo. Mayi akangoyatsa sipika, dina lofiirali. Kamodzi kokha. Ngakhale pulofesa angathe."

Evaristo anaima kumiyendo kwa manda. Pakagalasi ka kamera zonse zinkaoneka zazing'ono ndi zaudongo: bokosi, maluwa, nsapato za wansembe. Pakona panali kachizindikiro kosonyeza kuti kumpoto akuonera. Anaika chala pabatani lofiira.

Wansembe anamaliza pemphero. Amuna anayi anakunga zingwe. Mayi Eduviges anawerama n'kuyatsa sipika imene Nicanor anawaikiramo nyimbo ija.

Gitala inayamba, ndi kuthetheka kwa chimbale chakale. Kenako mawu.

M'mawa muja Evaristo sanawamvetsere, foni inamusokoneza. Tsopano anawamva. Anali mawu a mnyamata, wamng'ono kuposa iye, wamng'ono mwina kuposa mwana woyamba wa Herminia. Mnyamatayo ankaimba za bulu amene anafika pamtsinje wouma n'kukana kuoloka, chifukwa ankakumbukira madzi. Mwini wake anamukwapula, anamunyengerera, anamuonetsa mchenga, koma bulu anangoima. Kale anthu ankaivina nyimboyi pabwalo, akuseka buluyo. Asanakweze mawu, woimbayo anakoka mpweya mofulumira, ndipo Evaristo anaudziwa mpweya umenewo: bambo ake ankaukoka chimodzimodzi asanamukalipire.

Sanalire. Sanamve chilichonse mumtima. Anaona buluzi pamtanda wa manda oyandikana nawo, anaona kuti mtandawo unalembedwa mokhota, anaona thukuta pakhosi pa Nicanor. Chala chake chinali pabatani, chopepuka, ngati cha munthu wina amene anachiiwala pamenepo.

Atayang'ananso kagalasi, kachizindikiro kaja kanali katazima. Bokosi linali lidakali pakamwa pa dzenje.

Anadina batani lofiira. Kenako anapitiriza kuloza kamera kudzenje, osagwedeza, monga anamuuzira. Bokosi linatsika. Zingwe zinatuluka. Dothi linagwa, nyimbo inatha, mafosholo anayamba. Iye anaimabe pomwepo, akuonetsa maliro kwa anthu amene kunalibe, mpaka mulu unakwera ndipo maluwa anaikidwa.

Nicanor anabwera akupukuta manja pathalauza. Anatenga kamera, anayang'ana, anayang'ananso.

"Unadina?"

"Mochedwa."

Nicanor anavala chipewa chake.

"Ndiye mpaka sabata yamawa," anatero. "Tingopempha kuti asamwalire wina."

Anthu anayamba kutsika kukadya. Evaristo anatsalira m'mbuyo. Foni imayamba kugwira pathanki ya madzi, pakati pa phiri, ndipo atafika pamenepo anaima n'kudikira kuti ilire. Sinalire. Anaimba yekha.

Herminia anayankha msanga. Kumbuyo kwake kunalibenso phokoso la mipando.

"Anthu apita," anatero. "Ena akulowa ntchito madzulo ano."

"Achemwali, batani lija linali m'manja mwanga. Sindinadine pa nthawi yake."

"Ndinadziwa kuti ndiwe. Nicanor sagwira kamera mowongoka choncho."

Mphepo inkaomba pathanki. Kumunsi, mayi ake ankayenda pakati pa amayi anzawo, sipika ili m'khwapa.

"Ndamva mpaka pamene bulu wafika pamtsinje," anatero Herminia. Mawu ake anali osalala, ngati akuwerenga za nyengo. "Kenako kwada. Ndiye panabwera mawu oyera pagalasi, akuti kanemayu waimitsidwa chifukwa muli nyimbo ya Cleofas Quiroz. Dzina lonse. Zaka zonsezi ndili kuno sindinakumanepo ndi aliyense wosakhala wa kwathu amene anawadziwa bambo. Koma awa angomva pang'ono pokha, awazindikira."

"Ndi makina, achemwali."

"Ndikudziwa kuti ndi makina. Tinakhala tikuyang'ana dzinalo. Mayi wina analijambula ndi foni."

Evaristo anasintha foni kuipititsa kukhutu lina.

"Ndiuze," anatero Herminia. "Analowa bwino?"

"Analowa bwino. Bokosi linapendekeka pang'ono mbali ya Nicanor, koma analiwongola."

"Linafika pansi?"

"Linafika."

"Unamva likugunda?"

"Nyimbo inali ikulira."

"Dothi loyamba anaponya ndani?"

"Amayi."

"Ndi dzanja liti?"

Evaristo anatsinzina. Anaona buluzi, anaona mtanda wokhota, anaona kagalasi kozima. Dzanja sanalione.

"Lamanja," anatero.



"Amayi ndi amanzere," anatero Herminia.

Palibe anadula foni. Evaristo anatsamira thanki, akumva mlongo wake akupuma ku Omaha, ndipo kumunsi anthu anakhota pakona ya tchalitchi mmodzimmodzi mpaka njira inatsala yokha.