Galimoto Inapita, Dzina Linatsala

Kalata inafika Lachiwiri m'mawa, Deliwe atavala kale yunifolomu kuti azipita kuntchito. Inali yochokera kupolisi. Inkanena kuti galimoto yake inajambulidwa ndi kamera ikuthamanga mopitirira muyezo pamsewu wa ku Bilston, ndipo apolisi ankafuna kuti pasanathe masiku 28 awauze amene ankayendetsa.

Deliwe anangokhala pansi pa masitepe. Ku Bilston anali asanapondeko chibadwire. Komanso galimotoyo inali itachoka pakhomo pawo ku Bordesley Green, kudziko lakunja kumene amakhala, masabata atatu apitawo.

"Bambo a Nia!" anaitana mwamuna wake. "Tabwerani muone zimene m'bale wanu uja watichita."

Galimotoyo inali ya dizilo, yakale ndithu, ndipo pabanjapo ankaitchula kuti Pirirani chifukwa ngakhale chisanu chivute bwanji inkalira basi. Deliwe ndiye ankayendera. Ntchito yake ndi yosamalira okalamba m'nyumba zawo ku Highgate ndi ku Ladywood, kuwasambitsa, kuwadyetsa ndi kuwamwetsa mankhwala. Vuto linali lakuti madera amenewa ali m'kati mwa mzinda, kumene galimoto zotulutsa utsi wambiri zimalipiritsidwa tsiku lililonse zikalowa. Tsiku lina kuntchito anam'patsa kapepala ka khonsolo ya mzinda. Kankati anthu ena ogwira ntchito m'deralo akhoza kupereka galimoto yakale kuti ikaphwanyidwe, n'kulandira thandizo logulira yosatulutsa utsi wambiri, kapena lokwerera basi ndi sitima.

Patson, mwamuna wake, atawerenga kapepalako anachita ngati wamva za ufiti. Munthuyu anakulira m'magalaja a ku Biwi ku Lilongwe, kumene galimoto siifa. Ikatopa amaitsitsa injini, ikatopanso amaimanga ndi waya, ndipo ikakanikiratu chitseko chake chimakakhala cha khola la nkhuku.

"Kuphwanya galimoto yolira? Limenelo ndi tchimo, mayi a Nia," anatero. "Ine dzanja langa lisakhalepo."

Choncho anakambirana ndi a Dixon, m'bale wa kutchalitchi amene amatumiza katundu kumudzi pa makontena. A Dixon anati Pirirani akwera sitima ya pamadzi mwezi womwewo, akagulitsidwe ku Malawi. Patson anawapatsa makiyi, n'kuwapatsanso buku la galimoto lonse, limene kwathu timalitcha bulu buku ngakhale la kuno lili lofiira. Anagwirana chanza. Zosintha dzina anati adzaona pambuyo, monga mmene timachitira kwathu. Deliwe sizinam'sangalatse, koma kuntchito anali atam'bwereka galimoto ya kampani kwa mwezi umodzi, ndiye anangoti aone mmene zithere.

Tsopano Patson anaima pakhomo, kalata ili m'manja, akuiwerenga kachiwiri ngati mawu ake asintha.

"Ingoisiyani," anatero. "Simunali inu. Galimoto sitili nayo. Akatopa asiya okha."

Mwamwayi mawu amenewa anamveka kuseri kwa mpanda. Aisha, mnansi wawo wa ku Balaka, anali akutulutsa bini ya zinyalala. Iyeyu anabwera kudzaphunzira, ndipo pano amagwira ntchito mu ofesi yoyang'anira galimoto za kampani ina, moti makalata oterewa amawaona sabata iliyonse.

"Asiye chiyani?" anafunsa. "Achemwali, tandipatsani ndione."

Anawerenga mwachangu, n'kuyang'ana Deliwe. "Laisensi ya kuno munaipeza liti?"

"Chaka chatha, mu Juni."

"Ndiye mverani bwino. Kalata iyi mukapanda kuyankha, umenewo ndi mlandu paokha, ndipo akhoza kukupatsani mapointi sikisi a chilango pa laisensi yanu. Dalaivala watsopano akafika sikisi zaka ziwiri zisanathe, laisensi amalanda. Mumayambiranso mayeso."

Deliwe anagwira mpanda. Popanda laisensi sakanatha kufikira okalamba ake. Popanda ntchitoyo viza yake inali pamoto, ndipo ya Patson ndi ya mwana wawo Nia zinali zomangirira pa yakeyo. Mantha anam'gwira zenizeni.

"Koma galimoto tinapereka," anatero Patson, mawu atachepa. "Bulu buku ali nayo a Dixon."

"Alamu, kuno buku si umboni wakuti mwasiyana nayo. A DVLA, ofesi yosunga maina a eni galimoto, munawauza?"

Patson anakanda m'mutu.

"Ndiye kwa iwo galimotoyo idakali m'manja mwa achemwali. Ikathamanga, kalata ibwera pano. Ikalowa m'tauni osalipira, kalata ibwera pano. Ikatayidwa m'mbali mwa msewu, pano pomwe. Mlandu suwola, alamu. Koma musade nkhawa, masiku alipo. Loweruka tipite ku Bilston, kumene kumakhala a Dixon."

Loweruka anapita onse atatu. Anam'peza Pirirani pabwalo la a Dixon, kumbuyo atadzaza makatoni mpaka kudenga. Sitima anali asanaionepo n'komwe. A Dixon ankamuyendetsa uku ndi uku kutolera katundu wa anthu, poti kontena inali isanadzaze.

A Dixon anawalandira ndi nsangala, koma ataona kalatayo nkhope inagwa.

"Aaa, ndi tsiku lija ndinachedwa popita ku Nuneaton," anatero. Kenako anatsitsa mawu. "Mayi a Nia, tithandizane ngati abale. Ine ndili kale ndi mapointi ambiri. Inu laisensi yanu ndi yoyera. Mungolemba kuti munali inu, ndi atatu okha. Faini ndilipira ine."

Apa m'pamene panavuta. Kulemba dzina la m'bale wa kutchalitchi pa fomu ya apolisi, kwa ife kumamveka ngati kum'pereka. Patson anayang'ana pansi. A Dixon ndi amene anawalandira pabwalo la ndege tsiku limene anafika, ndipo matilesi awo oyamba anachokera kwa iwo.

Aisha sanakweze mawu. "Achimwene, zimenezo ayi. Kunama za amene ankayendetsa ndi mlandu waukulu kuposa kuthamangako. Anthu amapita nazo kundende, wonama ndi wom'tuma kunamayo yemwe. Ndipo kamera ina imajambula ndi nkhope. Achemwali ali ndi ndevu ngati zanuzo?"

A Dixon anaseka mosafuna. Deliwe sanaseke. Anatulutsa cholembera m'chikwama.

"A Dixon, zabwino zimene munatichitira sindinaiwale," anatero. "Koma pa laisensi imeneyi pali mwana wanga. Ndilemba zoona. Ndipatseni adiresi yanu."

Kenako a Dixon anapumira m'mwamba, n'kutulutsa laisensi yawo. Aisha anafunsanso za inshuwalansi, ndipo mwamwayi a Dixon anali atadula ya mwezi umodzi. Analonjeza kulipira za masiku amene analowa m'tauni, anatsitsa makatoni awo, n'kubweza makiyi ndi buku. Fomu inaponyedwa tsiku lomwelo. Pobwerera Deliwe ankangoseka zilizonse, ngakhale zosaseketsa, ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni.

Ali m'njira Aisha anati, "Mukudziwa chinthu chimodzi? Kulakwitsa kwanu komweku mwina kwakupulumutsani. Pa thandizo la khonsolo lija amaona ngati galimoto yakhala m'dzina lanu nthawi yokwanira. Dzina silinasinthe, ndipo a Dixon sanaigule. Mukafotokoze zonse mmene zinayendera, osabisa, iwo akakuuzani ngati mukuyenera."

Patson anayambiranso nyimbo yake. "Komabe kuphwanya, alamu. Injini imeneyi ikanatha zaka zina khumi ku Mponela."

"Kutumiza kumudzi si mlandu, bola muwauze a DVLA kuti yatuluka m'dziko," anayankha Aisha. "Koma tandiuzani. Utsi umene akuukana kuno chifukwa ukudwalitsa anthu zifuwa, mukufuna akaupume ndani ku Mponelako? Mayi anu?"

Patson anatembenukira kuwindo. Mayi ake amadwala mphumu, ndipo iye ndi amene amawatumizira mankhwala opopera m'kamwa.

Lolemba Aisha anawathandiza kulemba fomu ya khonsolo pa intaneti. Anafuna chithunzi cha buku la galimoto, kalata ya kuntchito ndi mapepala a malipiro. Anawachenjeza zinthu zitatu, ndipo Patson, amene tsopano anali wophunzira wabwino, anazilemba kuseri kwa envelopu ya apolisi ija. Asaphwanyitse galimoto khonsolo isanavomere, chifukwa akatero thandizo lawaphonya. Asaipereke kwa anthu oponya timapepala pakhomo olonjeza ndalama pamanja, chifukwa kuno kugula galimoto yokaphwanya ndi ndalama za pamanja n'koletsedwa, ndipo wochita zimenezo ali ndi chimene akubisa. Chachitatu, ipite kumalo ovomerezeka ndi boma, amene amapereka setifiketi yakuti galimoto yaphwanyidwa.

"Setifiketi ya imfa," anatero Patson.

"Eya, itchuleni choncho. Popanda imeneyo, galimoto imasanduka mzukwa. Imayenda usana, makalata n'kumabwera kwa inu."

Yankho linatenga masabata angapo, moti Deliwe anachita kupempha abwana ake kuti amuonjezere masiku a galimoto ya kampani. Koma linabwera, ndipo linali lovomera. Apolisi nawo analemba kuti nkhani ija tsopano ili ndi amene ankayendetsa. Deliwe anaiwerenga kalatayo ali chiimire m'khitchini, misozi n'kutsika yokha. Inali misozi ya mpumulo.

Tsiku lokasiya Pirirani, Patson anam'tsuka. Inde, anatsuka galimoto yopita kukaphwanyidwa, mpaka matayala. Nia, mwana wawo wa zaka zisanu ndi ziwiri, anaima pawindo akudabwa.

"Daddy, why are you washing it?"

"Maliro amasambitsa, mwanawe," anayankha bambo ake osatembenuka.

Kumalo ophwanyirako Patson anafunsa mafunso ambiri kuposa wapolisi. Mayi wina wogwira ntchito kumeneko anamuonetsa mmene amayambira kukhetsa oilo ndi mafuta kuti zisalowe m'nthaka, kuchotsa batire ndi matayala, kenako chitsulo n'kupita kokasungunulidwa kuti chipangidwe zinthu zina. Makaniko wa ku Biwi anagwedeza mutu. Anapeza kuti kunonso galimoto siifa kwenikweni, imangosintha ntchito.

Deliwe anasunga kachigawo kachikasu ka buku lija monga anam'langizira Aisha, ndipo madzulo omwewo anawadziwitsa a DVLA pa intaneti. Setifiketi inafika sabata isanathe. Anaiika m'chikwama chimene amasungamo mapasipoti.

Pano akuyendera kagalimoto kakang'ono ka petulo, kamene kamalowa m'tauni popanda kulipira. Lamlungu lina a Dixon anam'peza panja pa tchalitchi, akuoneka amanyazi.

"Mayi a Nia, tsiku lija ndinakupemphani zosayenera. Pepani."

"Zinatha, achimwene."

"Ndiye pali vani yanga yakale ija," anapitiriza a Dixon. "M'bale wina akuifuna. Ndati ndingom'patsa bulu buku, zosintha dzina tidzaona."

Deliwe anangotembenuka n'kuitana, "Bambo a Nia! Tabwerani kuno ndi envelopu yanu ija."

Abale, phunziro lake n'losavuta. Malamulo a thandizoli amasiyana mzinda ndi mzinda ndipo amasintha, choncho funsani kukhonsolo yanu musanachite chilichonse ndi galimoto yakale. Mukaigulitsa, mukaipereka kapena mukaitumiza kumudzi, auzeni a DVLA inu eni tsiku lomwelo. Mukaiphwanyitsa, pitani kumalo ovomerezeka ndipo musapume mpaka setifiketi ili m'manja. Kalata ya apolisi iyankheni, ndipo lembani zoona ngakhale dzina lolembedwalo ndi la m'bale. Kugwirana chanza kumachotsa galimoto pakhomo, koma dzina lanu limachoka ndi pepala.