Chifuwa cha Elifala

Rakele anapita kuchipatala cha mishoni akupempherera matenda. Ankafuna kuti chithunzi cha ekisire chionetse TB m'chifuwa mwa mwamuna wake, Elifala. Bamboyo anali atatsokomola miyezi itatu, ndipo abale ake ku Bowe anali atagamula kale kuti ndi mdulo: mkazi anagona ndi mwamuna wina, nabwera kudzathira mchere m'ndiwo. Wotsogolera nkhaniyo anali Fanny, mlongo wake wa Elifala, amene anawaperekeza atavala chitenje chachikasu cha chipani chatsopano.

Panjira Elifala anali atanong'oneza mkazi wake kuti, "Ine ndimakudziwa. Adokotala akangolankhula, onsewa ndiwatseka pakamwa."

Magetsi anali atazima, choncho dokotala, a Solomoni, anagwirizira chithunzicho pawindo. Anatsimikiza dzina pakona, kenako anawerenga nthiti ndi cholembera.

"Kwakudaku musaope, ndi mpweya. Mapapo abwino amaoneka chonchi. Choyerachi ndi mtima, sunakule, sukufika theka la chifuwa. M'munsimu mulibe madzi. Kumtundaku, komwe TB imakonda kukhala, kulibe banga."

"Ndiye kuti simunapeze kanthu?" anafunsa Fanny.

"Pachithunzipa ayi, mayi. Koma chithunzi sichiona zonse. Mawa abwerenso tidzayeze makhololo, ndi magazi omwe."

Atamva za magazi, Elifala anayang'ana pansi. Rakele anaziona. Anakumbukira masabata atatu amene bamboyo anakhala ku Kanengo chaka chathacho, kokagulitsa mabelo awiri okha a fodya.

Atatuluka, Fanny sanadikire n'komwe kufika pachipata. "Mwadzimvera nokha, alamu. Makina alephera. Zotsalazo ndi zakumudzi."

Rakele anayembekezera kuti mwamuna wake alankhule. Iye anangotsokomola, n'kupereka envulopu ya chithunzi kwa mlongo wake.

"Bambo a Mayeso, mawa tinyamuka nthawi yanji?" Rakele anafunsa mwamuna wake.

"Kudzatani? Adokotala anena kuti ndili bwino." Sanamuyang'ane. "Iwe uyambe wapita kwanu ku Chezi. Ankhoswe akakuitana."

"Mwasankha zimenezo m'malo mwa jekeseni imodzi yotengera magazi?"

"Usandichititse manyazi pagulu."

Rakele anatsitsa chikwama cha zovala za wodwalayo chomwe anasenza kuchokera kunyumba, nachiika pamapazi pa Fanny.

"Amatuluka thukuta kwambiri akagona, alamu. Muziwasintha malaya kawiri."

Anakonza chitenje chake, nadutsa msewu kukadikira matola a ku Chezi.